Kalulu wa Makutu Ogwa

Lolemba, 9 Juni 2025

Mphepo yayamba zoona. M'mawa pa njinga kupita ku Silverest zala zinauma, mabuleki osagwirika. Ku yadi ya mabuloko madzi oponderamo simenti ngati achoka mu filiji.

Dzulo ninagwira ntchito yabwino panyumba. Maventi onse, timabowo tolowera mphepo m'khoma, ninawamata na simenti yotsala ku ntchito. Windo lija lilibe galasi ninakhomapo mapepala a simenti, ophatikiza. Pansi pa chitseko saka. Tikatha kuphika nilowetsa mbaula, koma nidikira utsi uthe, malasha afiire psuu, ndiye nilowetsa. Sinine wopusa, utsi ndiwo upha. Manje nyumba ifunda ngati m'thumba. Chaka chatha Tisauke anatsokomola nyengo yonse yozizira. Chaka chino ayi. Zaka zinayi chabe, kathupi kochepa. Ngati ine tate wake siniona patsogolo, adzaona ndani?

Madzulo nafika napeza katoni pakati pa nyumba. Mkatimo kalulu. Woyera mbee, makutu ogwa ngati a mbuzi. Wabwera naye amake Tisa, Hellen. Ati amupatsa Ba Clarissa, madamu amene amawachapira ku Silverest. Ati mwana wawo wapita ku sukulu yogonera komweko, kulibe womusamala. Apereka na kathumba ka chakudya chake cha mu shopu, na udzu wouma. Udzu kugula! Ati ni wa m'nyumba, chibadwire sanagonepo panja, tikamuika panja afa.

Funso langa ni limodzi. Munthu wa ndalama apereka chinthu chabwino mahala chifukwa chani? Kalulu wamoyo makutu aima. Uyu agwa. Hellen ati ni mtundu wake. Kaya.

Tisa wamutcha kale dzina, Shuga. Wagona dzanja lili mu katoni.

Lachinayi, 12 Juni

Tisa wauka akulira mutu. Wasanza pa bulangeti. Thupi losatentha, koma maso olemera, kuyenda dzandidzandi ngati wamwa. Nasuzumira mu katoni. Naye Shuga ali gone, mphuno ikuthamanga, chakudya osakhudza. Onse awiri m'mawa umodzi. Apa sinifuna munthu woti aniuze.

Nachedwa ku ntchito, kapitawo waniyang'ana chabe, nidziwa adzadula. Masana Hellen watuma uthenga ati mwana ali bwino, akuthamangitsana na kalulu pabwalo. Matenda otani awa obwera m'mawa, masana kuthawa?

Ba Ezron, aneba athu, aweta akalulu ogulitsa kuseri kwa nyumba yawo, khola la m'mwamba pa mitengo. Madzulo abwera ati kudzaona wodwala. Amunyamula Shuga, amutembenuza, amupima m'manja kulemera. Ati, “Atate Tisa, kalulu ni nyama ya panja. M'nyumba ubweya ulowa m'chifuwa cha mwana. Nipaseni ine, nikusungireni.” Maso awo sanali pa mwana. Akalulu awo onse ni otuwa, woyera alibe ngakhale mmodzi. Naona.

Shuga wadula waya wa chaja ya foni na mano. Wakodza kuseri kwa thumba la ufa. Kununkha.

Inenso mutu m'mawa uliwonse. Maganizo.

Chiweru, 14 Juni

Tisa futi wasanza. Nati basi, ku kiliniki. Namukweza pa njinga, Hellen wamumanga chitenje kumsana kwanga. Pochoka panyumba mutu uli lende pa phewa langa. Pofika ku Chalimbana ayimba. Pa mzere wa kiliniki asewera na ana a anthu, apempha vitumbuwa.

Nesi wamubaya chala. Malungo kulibe. Wamvetsera chifuwa, chili bwino. Waniyang'ana ngati nabwera kudzacheza. Ati, “Ba tate, wodwala ni uti apa?” Anthu kuseka. Ine nafotokoza za kalulu. Ati ngati mukayika chiweto, chitulutseni muone. Watipatsa mankhwala a mutu na timapepala ta madzi a mchere na shuga.

Tsiku la ntchito lapita. Ufa uli pansi pa thumba.

Pobwerera Tisa ati, “Atate, Shuga nayenso timupeleke kwa nesi, mutu umuwawa.” Napitiriza kupalasa njinga.

Namuyang'ana bwinobwino kaluluyo madzulo. M'makutu moyera, mulibe nkhanambo. Maso owala. Pansi pouma. Chilonda kulibe. Ndiye matenda abisa kuti? Zobisika ndizo zoopsa. Ba Clarissa adziwa chimene anachotsa m'nyumba mwawo. Mwana wawo anapita kusukulu zoona, kapena ali m'chipatala?

Lachiwiri, 17 Juni

Takangana na Hellen. Mokweza, mpaka amake Mwila, akazi a Ba Ezron, anasiya kutsuka mbale kuti amve.

Hellen ati madamu ananena panja kuli agalu, kuli mphepo, kuli ntchentche zoikira mphutsi, kalulu wa m'nyumba sadziwa kuthawa. Nati madamu ali na nyumba ya zipinda zambiri, kalulu na chipinda chake. Ife chipinda chimodzi na katani. Mwana apuma chimene kalulu apuma. Hellen ati, “Atate ake Tisa, imwe chilichonse ni mdani. Mvula mdani, dzuwa mdani, manje na kalulu.” Nati inde, ndiye chifukwa chake mukali moyo.

Napempha mapaleti a matabwa othyoka ku yadi, nawamanga pa njinga. Waya wa nkhuku wotsala kwa kapitawo. Khola naimika kuseri, m'mwamba kufika m'chiuno, pansi timipata kuti zitosi zizigwa. Denga lata lakale, mwala pamwamba. Mbali ya kum'mawa kochokera mphepo natchinga na saka. Mkati kabokosi na udzu. Miyendo napaka oilo wakuda wa galimoto, nyerere zisakwere. Sinimukonda, koma sinimanga chinthu chopanda pake.

Tisa walira mpaka kutha mawu. Wamufunditsa Shuga juzi yake yakale. Nachotsa, angaidye. Walira futi.

Nakolopa nyumba yonse na mankhwala ochapira. Katoni natentha. Bulangeti padzuwa. Mbaula mkati, chitseko gwa, saka pansi. Tione manje.

Lachisanu, 20 Juni

Sinimvetsa.

Kalulu amene anati afa panja wanenepa. Adumpha m'khola, adzipotokola m'mwamba ngati nsomba. Adya masamba a mbatata ya kandolo, chisoso, zonse. M'mawa chisanu chili mbuu pa lata, iye ali tcheru, mphuno pa waya, adikira Tisa.

Tisa ndiye sanasinthe. Dzulo mutu. Lero mutu na kusanza. Hellen naye ati chizungulire pouka, wagwira khoma. Masana onse bwino.

Ndiye anasiya matenda m'nyumba, iye napepukidwa? Zitheka? Kapena sanali iye. Ngati si iye ni ndani?

Madzi a pachitsime. Koma timwa tonse na a kwa Ba Ezron, iwo ali bwino. Ufa wa ku chigayo chatsopano. Kapena zimene Tisa adya kwa eni. Amake Mwila amupatsa chakumwa cha munkoyo na kandolo pafupifupi tsiku lililonse. Chikondi chanji chotere pa mwana wa wina? Nauza Hellen, mwana asadyenso kumeneko. Ati nizawauza bwanji, anthu amene ananisunga pamene nili na pakati? Nati uwauze adokotala aletsa.

Hellen anafunsa Ba Clarissa ngati kalulu anadwalapo. Ati madamu anakhumudwa, anati anamubayitsa zonse kwa dokotala wa ziweto, ngati simumufuna mubweze. Wolakwa ndiye afulumira kukwiya. Koma Hellen asataye ntchito chifukwa cha pakamwa panga. Nazisiya.

M'mawa mapazi a galu kuzungulira khola. Aakulu. Na mapazi a munthu, nsapato za matayala. Ba Ezron avala zotere. Theka la Chongwe livala zotere. Komabe.

Lolemba, 23 Juni

Malasha anatha Lachisanu lomwe lija, malipiro akali kutali. Hellen aphikira nkhuni panja. Usiku tigona na majuzi, mabulangeti onse pa Tisa, ife awiri kumbali zake. Kuzizira kwake mpaka mano kuwawa. Nati apa ndiye chifuwa chibwera.

Sichinabwere. Chiweru anauka bwino. Sondo anauka bwino, anadya phala mbale yonse, anapempha lina. Lero waniutsa ndiye, kunikoka mphuno. Mutu wanga nawo wapepuka, poti mtima wakhala pansi.

Ndiye ninali na chilungamo. Chinthu chija chinali kutha pang'onopang'ono m'nyumba, manje chatha. Kalulu kunja, zakudya za eni waleka, mwana wachira. Chimodzi mwa ziwirizi, kapena zonse. Hellen ati ni pemphero, abusa anamuika manja Sondo. Nati anachira Chiweru, Sondo isanafike. Ati Mulungu sayang'ana kalenda.

Naganiza. Malinga Shuga ali pano, Tisa amunyamula, amupsompsona pamphuno, tsiku lina amulowetsa ine kulibe. Nauza Ba Ezron abwere Chiweru chikubwerachi amutenge. Aweta, adya, zawo. Anakondwa mpaka mano onse panja. Ati, “Mwachita zaumuna, atate Tisa. Akabala nizamupatsa mwana kamodzi.” Nati osavutika.

Tisa sinimuuza. Nizati anathawa.

Lachitatu, 25 Juni

Kapitawo wanipatsako ndalama pang'ono za kutsogolo. Nagula malasha, thumba laling'ono, adula ngati nyama. Ochokera ku mitengo yolimba, olemera, afika m'mawa akali moto.

Nafika napeza chipwirikiti. Agalu abwera dzuwa likali, awiri, ang'amba waya wa khola pansi. Hellen anawathamangitsa na mpini. Shuga sanalumidwe koma chala chimodzi chichucha magazi, ananjenjemera osaleka. Agalu a ndani sitidziwa. Ba Ezron ati si awo, wawo ali pa tcheni. Ine sininaone tcheni.

Waya wina nilibe, kwada. Hellen ati agone mkati lero chabe. Nati ayi. Ati, “Ndiye mukamuuze mwana wanu mawa kuti mwadyetsa agalu.” Tisa ali kuseri kwa chitenje cha amake, aniyang'ana. Navomera. Lero chabe. Osati pafupi na mwana. Tamuika mu beseni lachitsulo lochapira, pamwamba chidutswa cha waya wong'ambika uja na njerwa, ku ngodya ya kutali, pafupi na mbaula poti akunjenjemera.

Mphepo ya lero ni ina, ilasa m'mafupa. Nadzaza mbaula bwino. Nadikira utsi wonse uthe. Mapepala a pa windo anamasuka pakona, nakhomanso. Saka pansi pa chitseko naikapo ziwiri.

Tisa akadwala mawa, nkhani yatha, umboni ni womwewo. Sinizadikira Chiweru.

Lachinayi, 26 Juni

Nilemba nili pa benchi ya kiliniki.

M'bandakucha phokoso, ngwe ngwe ngwe, beseni. Nimamva ngati lili kutali, kutsidya kwa mtsinje. Thupi lolemera, kufuna kugona chabe. Ngwe ngwe osaleka. Mkwiyo ndiwo unanidzutsa. Nati kalulu uyu nimuponya panja manje manje, agalu amudye. Naimirira, miyendo kulibe. Nakwawa. Nachotsa masaka, natsegula chitseko kuti nimutaye. Mphepo yanimenya kumaso, nagwa pakhomo, nasanza pomwepo.

Naitana Hellen. Wayankha ngati munthu ali pansi pa madzi. Naitana Tisa. Zii.

Zii.

Momwe ninamutulutsira sinikumbuka. Nikumbuka ali m'manja mwanga pabwalo, khosi lende, milomo yofiira kwambiri, ine nikukuwa. Ba Ezron anatuluka na kabudula chabe, opanda nsapato. Anasuzumira m'nyumba kamodzi, anakoka Hellen kumutulutsa, anamenya mbaula na mwendo mpaka pabwalo. Analiza njinga yawo yamoto. Ine kumbuyo na mwana pakati. Amake Mwila anatsala na Hellen, anabwera naye pambuyo.

Pa msewu Tisa anatsegula maso. Anasanzira Ba Ezron kumsana. Iwo ati, “Sanza mwana wanga, sanza, malaya nilibe kale.”

Amuika kachigoba ka mpweya kumaso. Wa yunifomu yoyera, mwamuna, funso lake loyamba, mugona na mbaula? Nati inde koma yopanda utsi, nidikira afiire. Ati malasha ofiira atulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, m'nyumba yotseka upha anthu ali m'tulo. Ati nyengo ino chaka chilichonse alandira otere, ena safika. Wafunsa ngati nyumba ili na maventi.

Nati inali nawo.

Lachisanu, 27 Juni

Tisa na Hellen anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Chongwe kuti awaone bwino. Tisa akudya, akulankhula, adziwa dzina lake na langa. Hellen mutu ukali koma ayenda. Ati mawa atuluka. Ine aniuza nipite nikakonze nyumba.

Nafika masana. Chitseko chikali pululu momwe tinachisiyira. Beseni pa ngodya, njerwa ili pamwamba. Shuga ali chogona cham'mbali, miyendo yotambasuka, wouma. M'beseni mikwingwirima ya zikhadabo. Palibe anamukumbuka. Ine ninatsegula chitseko chifukwa cha iye, ninamusiya momwemo.

Nakhala pakhomo nayamba kuika zinthu pa mzere. Shuga mkati na mbaula, iye kudwala, mwana kudwala. Iye panja, iye kuchira, mwana kupitiriza. Malasha kutha, mwana kuchira. Zinali poyera ngati msewu wa Great East. Ine maso ali kwa Ba Clarissa, kwa Ba Ezron, ku munkoyo, ku chitsime, ku makutu. Simenti ya m'maventi ikali na zala zanga.

Natenga hamala na chizulo. Nagumula onse. Inagwira bwino, simenti yanga, yanivuta. Mapepala a pa windo nang'amba a pamwamba. Masaka nataya ku dzala. Mbaula ili pabwalo pomwe inagwera, ikhala komweko.

Ba Ezron abwera na fosholo osaitanidwa. Nati mutengeni, paja ninalonjeza. Ati, “Awe, uyu sadyedwa.” Takumba pansi pa mpapaya, dzenje lakuya chifukwa cha agalu. Namukulunga mu juzi ija ninamulanda. Nafuna kuwauza za munkoyo, kuti adokotala sanaletse, ninali ine. Ati, “Tidziwa, atate Tisa. Makoma a kuno ni opyapyala. Kwirirani.”

Chiweru, 28 Juni

Hellen waimba foni m'mawa. Atuluka, akwera minibasi. Ati Tisa wasunga khoko la buledi la ku chipatala m'thumba la diresi, ati ni la Shuga. Hellen sanamuuze. Ati, “Muzamuuza ndimwe.”

Usiku nagona nekha, mphepo ilowa m'maventi, ilira. Kuzizira koopsa. Nauka mutu uli mbee. Mabulangeti ena afunika, a salaula ogwiritsidwapo kale, mwezi ukatha. Amake Mwila abwereka limodzi lawo, abweretsa na chigubu cha munkoyo. Namwa.

Khola nakonza, waya wawiri pansi, Ba Ezron anipatsa wawo. Anitengera kuseri kwawo ati sankhani kamodzi. Nayang'ana onse. Otuwa, makutu ali njo. Ati tingamuuze mwana kuti Shuga wadetsedwa na fumbi, makutu aima poti wachira. Taseka pang'ono. Nati ayi, Tisa si wopusa, ni ine. Natenga kakakazi kang'ono, kali m'kholamo manje, kadya chisoso. Kazagona panja. Kapena mkati masiku a agalu. Sinidziwa. Nyumba manje ipuma.

Bodza lija ninakonza, lakuti anathawa, likali m'kamwa, lingagwire ntchito. Koma sanathawe. Anamenya beseni mpaka ine kuuka.

Ba Clarissa nawo afunika kuuzidwa. Nizapita nekha, osati Hellen.

Minibasi yaima kumsewu. Diresi yofiira ni ya Tisa. Wasiya dzanja la amake, athamanga, sabwera kuno kukhomo, wakhotera kuseri ku khola, dzanja lili m'thumba